Mutu Wake, Manja Anga

Ine sindinapite ku Joni. Amene amafalitsa zoti ndinatchona ku Joni ndi alamu anga, ndipo ndi abodza. Ndinali ku Livingstone, ku Zambia, kumapeto kwenikweni uko, kumene dzuwa limakuwotcha ngati unalilakwira. Ndinkasema zitseko. Ndanena poyambirira kuti tisavutane kutsogoloku.

Ndinachoka ku Mitundu mwana wanga Esinati ali ndi mano awiri okha m'kamwa. Ndinali mkamwini, kumudzi kwa mkazi wanga, ndipo amene anakhalako pachikamwini akudziwa: ukalima ati munda ndi wathu, ukakhala pansi ati mlesi. Ukalipentala ndinali nawo kale, ndinaphunzira kwa malume anga nditasiya sukulu sitandade folo. Koma ku Mitundu angagule chitseko chosema ndani? Anthu amafuna mabenchi ndi mabokosi a maliro basi. Ndiye dalaivala wina wa malole anandiuza kuti ku Livingstone akumanga maloji a alendo, amisiri akusowa. Ndinakulunga matchizulo anga asanu ndi chimodzi m'thumba la feteleza, ndinakwera. Ndinalowa ndi chilolezo cha masiku ochepa. Masiku anatha, ine ndinatsala. Mapepala ogwirira ntchito sindinakhalepo nawo, ndipo mfundo imeneyi muisunge.

Amene anandilemba ntchito anali ba Mweemba, Mtonga, mwini shedi ya matabwa ku Dambwa. Kumeneko aliyense ndi "ba". Dzina langa palibe analifuna. Ndinali ba Malawi, ngati dziko lonse ndalisenza ndekha. Ndinkagona kuseri kwa shediyo m'kachipinda ka malata pamodzi ndi Mubita, Mlozi, amene ntchito yake inali ya sandipepa ndi vanishi. Munthu wosalankhulalankhula, koma tsiku loyamba anaseka mpaka kukhala pansi nditapempha thabwa la mlombwa. Iwo amati mukwa. Mtengo ndi womwewo, fungo lomwelo, utomoni wofiira ngati magazi womwewo.

Pitani ku Highlands lero, kumene kuli nyumba zakale za mipanda italiitali, mukayang'ane zitseko. Mukaona njovu yokweza chitamba, mvuu yayasamula, nkhwazi yagwira nsomba, ndi ine ameneyo. Mathithi otchuka aja ndinawasema pa zitseko zambirimbiri, koma ndi maso sindinawaonepo. Pageti pake amafunsa chiphaso. Ndinkangomva kulindima kwake madzi akachuluka, ndi kuona utsi wake kumwamba, kenako n'kumatengera pa kalendala ya m'shedi.

Chala chinapita chaka chachinayi kapena chachisanu. Makina ochekera analibe chotchingira, ba Mweemba anachichotsa ati chimachedwetsa ntchito. Thabwa linadumpha, ndinangomva kuzizira. Chala cha mkombaphala cha kumanzere chinali pa utuchi, chagona chokha. Mubita anavula malaya n'kundimanga, n'kuimitsa takisi. Kuchipatala anandinenera kuti ndine wa ku Chipata. Titabwerako, funso loyamba la ba Mweemba linali lakuti magazi adontha pa thabwa la kasitomala kapena ayi. Koma Mubita anapita pa utuchi paja. Anatola chala chija, n'kuchikulunga m'kansalu, n'kukachikwirira pansi pa mango kuseri kwa shedi. Anati chiwalo cha munthu sichipita ku zinyalala.

Kunyumba sindinanene. Ndikananena kuti chiyani? Ndinayambiranso kuphunzira kugwira tchizulo, chala chachikulu ndi chapakati, ngati mwana. Zinanditengera dzinja lonse.

Ndinkatumiza chimene ndapeza, koma mafoni anayamba kufupika. Make Esinati ankangoti tili bwino, mvula yagwa, chabwino. Kenako ndinamva kuti alongo ake akunena kuti ndili ndi mkazi wina, ena ati ndimalondera pageti, ena ati ndine chidakwa cha ku Joni. Ndinajambula zitseko pafoni n'kutumiza. Alamu anga anati chitseko cha mwini aliyense angajambule. Ndiye tsiku lina Esinati, ali kale ku sekondale, anatenga foni ya mayi ake n'kundifunsa mosaseka.

"Kodi bambo, inuyo kumeneko mumagwira ntchito yanji kwenikweni?"

Kwenikweni. Liwu limenelo linandibaya kuposa makina aja.

Nthawi yomweyo kunamveka kuti kumsewu wa ku eyapoti akumanga loji yatsopano, ikufuna zitseko zosema za zipinda zonse, ndipo mashedi angapo akulimbirana ntchitoyo. Mwana wa ba Mweemba, Choolwe, anali atangobwera ku Lusaka kumene anakaphunzira za bizinesi. Bambo wamkulu ndithu, wa ndevu zometa bwino, nsapato zosadziwa utuchi. Anati masiku ano ntchito siilankhula yokha, pafunika maposita ndi timapepala totsatsira malonda, tokasiya m'maloji ndi m'mashopu. Anabwera ndi mayi wina, ba Namakau, amene anali ndi kashopu m'tauni kopangira makhadi a ukwati ndi mapepala a maliro pa kompyuta.

Tsiku lojambula zithunzi ndinameta. Ndinachapa ovolosi. Ba Namakau anati ndisayang'ane kamera, ndingogwira ntchito ngati palibe munthu. Ndinali pa chitseko cha njovu, ndikusema makwinya a khutu. Anajambula kumanja, kumanzere, anagwada, anakwera pa benchi. Anandifunsa kuti khutu limodzi limatenga masiku angati, ndinamuuza, anapukusa mutu. Tsiku lomwelo ndinaimbira Esinati. Ndinati mwanawe, dikira, kukubwera pepala lalikulu losindikiza, ine ndili pamenepo ndi chitseko changa, ukawaonetse amalume ako. Ndinalonjeza. Kupusa kwanga kunali kumeneko.

Patapita masiku, ba Mweemba ananditenga kuti tikayeze makomo ku loji kuja. Panjira anaima m'tauni, iwo ndi Choolwe analowa kwa ba Namakau, ine anati ndidikire m'galimoto. Unali mwezi wotentha uja, galimoto ngati ng'anjo ya njerwa. Ndinapirira, kenako ndinati kufa ndife tonse, ndinalowa.

Kashopuko kanali kakang'ono, fani ikuzungulira. Onse atatu anali atazinga kompyuta, sanandimve. Ndinasuzumira pamwamba pa phewa la ba Mweemba.

Chitseko changa chinalipo, chokongola kuposa mmene chinalili, mlombwa ukuwala ngati wapakidwa mafuta. Ovolosi yanga. Mikono yanga, mitsempha ili tototo. Tchizulo changa cha chigwiriro chong'aluka. Pamwamba pa khosi panali mutu wa Choolwe, ukumwetulira.

Mikono anaiyeretsako pang'ono kuti ifanane ndi nkhope yake. Pamwamba panali zilembo zikuluzikulu zachikasu. Chizungu sindichidziwa kwenikweni, koma dzina ndimawerenga: Choolwe Mweemba. Zinazo ndinamva pambuyo pake kuti zimati katswiri wosema zitseko.

Ndinafunsa kuti mutu wanga uli kuti. Onse anatembenuka. Ba Namakau anayang'ana ba Mweemba, kenako ine, n'kunena motsitsa mawu kuti mutu ulipo, sunatayidwe, uli pansi. Anafotokoza kuti m'kompyutamo zinthu zimasanjikizana ngati zovala: chitseko pachokha, munthu payekha, zilembo pazokha, chilichonse chili ndi kadiso kake pambali. Ukatseka kadisoko, chinthucho chimabisika. Anagwira kambewa kake kaja, n'kudina. Choolwe anazimirira, ndinatulukira ine, nditaweramira ntchito, thukuta pamphumi. Anadinanso, Choolwe. Ndinafa n'kuuka pamaso panga, mayi uja akungogwedeza chala chimodzi.

Ba Mweemba sanachite manyazi. Anandigwira paphewa ngati bwenzi.

"Ba Malawi, ganizani. Imwe mulibe mapepala. Manje mufuna nkhope yanu ikhale pa eyapoti, pa maloji yonse? Ba imigireshoni sibapenya? Ine nikuchingilizani chabe."

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sankanama. Zoona zake zinali zomwezo. Koma nanga bwanji sanangojambula chitseko chokha? Bwanji mutu wa munthu amene sadziwa kuti tchizulo amanolera mbali iti? Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna. Ndinati chabwino, mutu tengani.

Ndiye Choolwe anaweramira pafupi, n'kuuza ba Namakau kuti akulitse pamene pali dzanja. Dzanja langa lamanzere linadzaza galasi lonse, chipsera chili poyera. Choolwe anakweza manja ake, n'kunena kuti iye zala ali nazo zonse, anthu adzaseka, afakepo chala.

Ndinaona ndi maso angawa. Ba Namakau anazunguliza chala changa chapakati ndi kamzere konyezimira, anachikoka, chinatuluka china chofanana nacho. Anachifupikitsa, anachipendeketsa, anachikhazika pa chitsa paja. Anapukuta m'mbali mwake mpaka msoko osaoneka. Chikhadabo chinalipo, ngakhale kautuchi kunsi kwa chikhadabo. Dzanja langa lathunthu, limene ndinali ndisanalione zaka zonsezo. Pachitsa panayamba kuyabwa.

Ndinati, "Chotsani."

Choolwe anaseka, ati ba mudala akwiya chifukwa tabapasa chala chaulere.

"Chala changa chili pansi pa mango ku Dambwa, makina a bambo ako ndi amene anachidya. Mutu mwatenga, dzina mwatenga. Dzanjalo mulisiye mmene liliri. Mukapanda kutero, zitseko za lojiyo asema ndi iyeyu."

Ba Mweemba anachotsa dzanja paphewa panga. Anatulutsa foni m'thumba, osaimba, anangoiika patebulo pafupi ndi kompyuta n'kuigogoda ndi chala.

"Foni imozi chabe, ba Malawi. Mwamvela?"

Ndinamva. Ndinaganiza za selo, za kutayidwa pamalire opanda ngakhale tchizulo chimodzi, za alamu anga akundiona ndikutsika minibasi manja lendelende. Ndinatseka pakamwa. Ba Mweemba anauza ba Namakau kuti atumize kosindikiza mmene ziliri, chala chikhalepo. Potuluka ndinali wotsiriza. Mayi uja anali akuyang'ana dzanja langa, lenilenilo, osati la pagalasi.

Masiku otsatira sindinalankhule ndi munthu. Ndinkamenya tchizulo ngati ndikumenya mutu wa wina. Mubita ankati Choolwe akalowa m'shedi, iye n'kudzaima pakati pathu ndi chitini cha vanishi ngati akufuna pounika. Esinati anaimba kawiri, sindinayankhe.

Maposita anabwera. Choolwe anazungulira nawo tauni yonse, pasiteji ya maminibasi, m'magolosale, m'maloji. Ine ndinakana kuyang'ana. Tsiku lachitatu, nthawi yopuma masana, Mubita anandikokera m'kachipinda kathu, anatseka chitseko, n'kutambasula posita imodzi pamphasa. Mapewa ake ankagwedezeka, akuseka chamumtima.

"Ba Malawi, pendani."

Kupenda kumeneko ndiye kuwerenga. Ndinawerenga. Chachikulu, chapakati, chotsatira, kakang'ono. Zinayi. Chitsa chili pomwepo, chipsera chikuoneka bwinobwino pansi pa nkhope yomwetulira ya Choolwe.

Ndinadzadutsa kwa ba Namakau tsiku lina ndikukagula guluu. Ndinaima pakhomo n'kufunsa kuti zinatheka bwanji. Sanatembenuke, maso ali pa khadi la ukwati wa eni.

"Kaliso kanali kovala. Sininaone."

Kovala ndiye kotseka m'chinenero chawo. Mayi amene amaona kachiphuphu pamphuno pa mkwatibwi n'kukachotsa, asaone chala? Ine sindikhulupirira. Koma sindinamufunsenso, ndipo ba Mweemba atapita kukakalipa anawauza zomwezo.

Ku Dambwa anthu sachedwa. Aliyense ankadziwa dzanja langa, ndinali nditawakonzera mipando ndi mawindo zaka zonsezo. Makondakitala anayamba kumukuwa Choolwe kuti ba Chamela. Amayi a pamsika ankamufunsa kuti sing'anga wake ndi wa kuti womeretsa zala, nawonso ali ndi abale opunduka. Munthu uja anayamba kuyenda dzanja lamanzere lili m'thumba, dzuwa lonse lija. Ndinkaseka, koma tulo sindinkapeza bwino, chifukwa ba Mweemba anasiya kundipatsa moni. Ankangondiyang'ana, foni ili m'manja.

Kenako kunabwera mayi woyang'anira loji ija, wa ku Zambia konko, wa magalasi, kapepala kathu kali m'manja. Anati asanapereke ntchito akufuna aonane ndi mmisiri. Choolwe anapita kutsogolo, mano onse panja, n'kupereka moni ndi manja awiri mwaulemu. Anaiwala thumba. Mayiyo anayang'ana manja aja, anayang'ana kapepala, anayang'ananso manja. Anayamba kuyenda m'shedimo pang'onopang'ono. Anadutsa Mubita. Anafika pa benchi yanga.

Dzanja langa linali pansi pa benchi. Ndinalibisa ndekha, osatumidwa. Kumbuyo kwa mayiyo ndinkaona ba Mweemba ataima pakhomo, akupukusa mutu pang'ono kuti ndione ine ndekha.

"Ndimwe?" anatero mayiyo.

Ndikanati ayi, bwenzi mwina ndikadali ku Dambwa lero, ndikudya. Koma m'khutu munalira liwu lija la Esinati, kwenikweni. Ndinatulutsa dzanja, n'kuliika pa khutu la njovu.

"Ndine."

Anakoka kampando n'kukhala pa utuchi pomwepo. Tinakambirana za mitengo, za chiswe, za kuti mukwa sufuna vanishi wambiri. Anandifunsa dzina, langa lenileni, n'kulilemba kuseri kwa kapepala kaja. Zaka zonse zija, munthu woyamba ku Livingstone kulemba dzina langa. Ntchito anaipereka kwa ba Mweemba, n'kunena pamaso pa onse kuti akufuna zitseko za bambo awa.

Ndinasema ziwiri zokha. Tsiku lina masana Mubita anabwera kuchokera kumsika akuthamanga, munthu amene sindinamuonepo akuthamanga. Anati pamsewu paima galimoto, amuna awiri a malaya oyera akufunsa shedi imene muli Mmalawi. Anandiponyera thumba la feteleza lija, matchizulo ali kale momwemo, posita yopinda ili pamwamba. Ndinatulukira kuseri, ndinadutsa pa mango paja, ndinalumpha mpanda. Sindinamutsanzike bwino Mubita. Anangondikankha pamsana n'kunena kuti chala azichithirira madzi.

Ba Mweemba sindinawaone akuimba foni, ndiye sindinganene. Mwina ndi Choolwe. Mwina ndi shedi ina imene inaluza ntchito. Koma ndimati ndikaganiza za kugogoda kuja patebulo, mtima umandiuza zake. Zitseko zotsalazo kaya anamaliza ndani. Mwina Choolwe, ndi zala zake khumi.

Ndinafika ku Mitundu pa lole ya simenti, kenako minibasi, kenako wapansi. Make Esinati anali ndi imvi. Anandigwadira patali n'kundipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi. Alamu anga atatu anabwera n'kukhala pakhonde, akuyang'ana thumba la feteleza, wamkulu n'kufunsa kuti za ku Joni zatsala pa siteji kapena zikubwera pa ndege. Esinati anali wamtali kuposa mayi ake. Anati mwafika bwanji bambo, maso ali pansi, n'kukakhala pakona.

Dzanja lamanzere ndinali nditalisunga m'thumba la jekete chifikire. Ndinatulutsa posita ndi lamanja, n'kuitambasula pamphasa. Ndinati mwanawe, pepala lija ndi ili.

Alamu anaweramira. Wamkulu anayamba kuseka, anzake n'kulandira. Anati ndiye mwana wanu wa kumeneko ameneyu, wakula bwino, akudya. Anati tinkanena ife. Make Esinati anatembenukira kukhoma.

Ndinatulutsa dzanja m'thumba n'kuliika pa pepalapo, pambali pa linzake.

Make Esinati anagwira pakamwa. Kuseka kunatha kumodzikumodzi. Esinati anasendera pafupi ndi maondo. Anayang'ana chitsa cha papepala, anayang'ana changa. Anagwira chitsa chija ndi nsonga ya chala chake, n'kutsatira chipsera mpaka pamene chathera, kenako n'kuchitsatiranso papepala. Anafunsa kuti zinachitika liti. Ndinati iwe uli sitandade wani. Anafunsa kuti njovuyo ndinasema chala chitapita kale. Ndinati eya.

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti wapita kukalira. Anatuluka ndi lezala. Anagwada, n'kudula pepala lija mowongoka bwino, pakhosi penipeni, kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Mutu wa Choolwe unachoka pamodzi ndi zilembo zake zachikasu. Anautola, n'kupita nawo kwa amalume ake aakulu, n'kuupereka ndi manja awiri, atagwada mwaulemu wonse.

"Malume, wa ku Joni uja ndi uyu. Musungeni ndinu."

Chotsalacho anachikhoma ndi minga inayi m'chipinda chochezera, ndipo chili pomwepo mpaka lero. Munthu wopanda mutu, ovolosi, njovu, tchizulo. Dzina langa palibe, ndipo musandiuze zoti ndikhululuke, mtima sunaphwe. Koma aliyense wolowa m'nyumba muno amaima, amawerenga zala za pakhomapo, kenako amayang'ana dzanja langa. Ine ndimangopitiriza kunola tchizulo.